Likongwe Agulitsa Nyumba Yoimba Masana

Padangokhala, kale lija nyama zikadagulitsana nyumba monga achitira anthu, padali Likongwe. Iyeyu ndiye adali dobadoba wa dera lonselo. Adalibe munda, adalibe nkhokwe. Chuma chake chidali pakamwa. Nthawi ina adagulitsa mphako yodontha kwa Kadzidzi atamuuza kuti madzi akumwa azimupeza ali chigonere, ndipo Kadzidzi adachita kumuthokoza.

Tsiku lina m'mawa kudabwera mayi Nungu, mayi wamasiye amene amuna awo adamwalira chaka chomwecho. Adali atawonda, minga yawo itayamba kuthothoka. Adapempha Likongwe kuti awagulitsire nyumba mwezi usanathe, chifukwa ankafuna kubwerera kwawo kumene adabadwira. Malipiro ake adati adzakhala dengu la mazira.

Likongwe ankaidziwa nyumbayo. Idali ya pansi, yozizira bwino nthawi yotentha, ya zipinda zinayi zimene malemu bambo Nungu adakumba okha ndi zikhadabo zawo. Adafunsa chimene chidawaipira pa nyumba yabwino chotere.

Mayi Nungu adafotokoza. Amuna awo ankakumba chipinda chachisanu pamene dothi lidawagumukira. Anthu adalephera kuwatulutsa, motero adangotseka chipindacho ndi mwala. Ali moyo, bamboyo ankakumba akuimba, mayiwo n'kumavomera uku akutuluka ndi lichero la dothi. Tsopano tsiku lililonse dzuwa likafika paliwombo, kuseri kwa khoma kunkamveka kupala, kenaka nyimbo yomwe ija. Nyimboyo inkatchula dzina la mayiwo, n'kudandaula kuti dothi launjikana ndipo palibe wolitaya. Ikatero inkaima, n'kusiya mpata wa wovomera.

"Mpata umenewo ndi wanga," adatero mayi Nungu. "Dzana ndidangopezeka kukamwa kwayasama kale, ndidachita kudziluma lilime. Tsiku limene ndidzavomere sindidzatulukamonso. Mwala uja udasuntha wokha, ndipo zipinda tsopano zilipo zisanu ndi ziwiri."

Pa mawu onsewo, Likongwe adamvapo zipinda zisanu ndi ziwiri. Adawauza kuti asade nkhawa, iye aitanitsa tsiku loonetsa nyumba, aliyense wofuna abwere adzaone ndi maso ake. Mayi Nungu adavomera, koma adamugwira dzanja asananyamuke.

"Chitani zonse zimene mumachita, a Likongwe. Koma wina aliyense asavomere nyimboyo."

Likongwe adawatumiza kukakhala kwa mnzawo kutsidya, iye n'kuyamba ntchito. Adasesa, adazira pansi, adachotsa chipewa ndi ndodo ya malemu pamsomali, adafukiza makoko a malalanje kuti fungo la chinyontho lithe. Pampita wolowera ku zipinda zatsopano adapachikapo mphasa. Pakhomo adaikapo mtsuko wa thobwa. Polengeza, adati chitseko chidzatsegulidwa kum'mawa kokha, poganiza kuti dzuwa lisanakwere onse adzakhala atapita.

Zidayenda monga adafunira. Alendo adabwera, adamwa thobwa, adagogoda makoma, adayamikira kuzizira kwa m'nyumbamo, n'kumapita. Adatsala mmodzi yekha, Njiri, kapitao wa anthu olambula misewu, amene adalowa chafutambuyo monga mwa chizolowezi chake. Njiri nyumbayo adaikonda, n'chifukwa chake adayamba kuinyoza. Adati denga ndi lalifupi, khomo layang'ana kolakwika, pansi padaziridwa mwaulesi. Likongwe ankangovomera zonse uku akumukankhira kukhomo, koma Njiri adakhala pansi n'kupempha chikho china cha thobwa.

Dzuwa lidafika paliwombo.

Kuseri kwa mphasa kudamveka kupala, pang'onopang'ono, ngati munthu wotopa amene sakufuna kuleka. Mphasayo idakankhika pang'ono n'kubwerera, ndipo m'chipindamo mudalowa fungo la dothi longofukulidwa kumene. Kenaka mawu a mwamuna adayamba kuimba. Sadali mawu oopsa. Adali ofatsa, odandaula, ngati a munthu amene wadikira nthawi yaitali. Adatchula dzina la mayi Nungu, adanena za dothi lounjikana, n'kuima.

Likongwe adaseka, n'kunena kuti ameneyo ndi mnansi wa kuseri kwa khoma, munthu wokonda nyimbo koma wopanda vuto ndi aliyense.  Maso a Njiri adali pamphasa, ndipo milomo yake idayamba kugwedera yokha. Likongwe adatola chikho chija n'kumutsanulira thobwa lonse m'kamwa. Njiri adatsamwa, adatsokomola, adadzidzimuka ngati wodzutsidwa kutulo, ndipo adatuluka liwiro mchira uli m'mwamba.

Pofika madzulo, mbiri idali itawanda. Koma Likongwe adapita pamsika m'mawa mwake akuseka, n'kumauza aliyense kuti Njiri wapeka nkhani ya mizimu pofuna kuti ena achite mantha, iye agule yekha motchipa. Anthu ankamudziwa Njiri, motero adakhulupirira. Pamene Likongwe adalengeza tsiku lachiwiri loonetsa nyumba, adanenanso kuti ulendo uno chitseko chikhala chotsegula mpaka masana, kuti onse aone okha kuti mulibe kanthu.

Adakonza zinthu ziwiri. Adakazinga chimanga chouma chambiri n'kudula nzimbe, kuti pakamwa pa mlendo aliyense pakhale potanganidwa. Ndipo adalemba ganyu Chule, mtsogoleri wa nyimbo wa paukwati ndi pamaliro, kuti abwere ndi ng'oma yake adzaimbe kwambiri nthawi ya masana. Za nyimbo ya kuseri kwa mphasa sadamuuze, poopa kuti akana.

Tsikulo m'nyumba mudadzaza. Dzuwa likuyandikira paliwombo, Likongwe adazungulira ndi lichero, akukakamiza aliyense kuti atape chimanga chodzaza dzanja. Adakodola Chule kuti akometse. Chule adaimenya ng'oma mpaka fumbi lidayamba kugwa kudenga.

Mwadzidzidzi ng'omayo idasiya kulira. Manja a Chule ankamenyabe, koma chikopa chinkangoti phwa, phwa, ngati chanyowa. M'nyumba monse mudati zii. Kupala kudayamba, mphasa idakankhika n'kubwerera, nyimbo ija idakwera. Alendo adauma pomwe adaima, chimanga chili m'kamwa. Nyimbo idatchula dzina la mayi Nungu, idanena za dothi, n'kuima.

Chule chibadwire sadalolepo nyimbo kugwa pansi popanda woivomera. Adakweza mutu n'kuvomera, ndipo adavomera bwino kwambiri, ngati adaiphunzira kalekale. Atatero adaika ng'oma pansi mosamala, adatukula mphasa, n'kuyamba kulowa. Sankadumpha monga achitira achule. Ankayenda.

Likongwe adamugwira mwendo. Chule adacheuka n'kumuyang'ana ngati munthu amene sadamuonepo.

"Ndisiyeni achimwene, ntchito yachuluka," adatero mwaulemu.

Mwendo udapulumuka m'manja mwa Likongwe, mphasa idagwa. Alendo adatuluka mopondana. Likongwe adatsala yekha, akuitana dzina la Chule mumpitamo mpaka mawu adasasa, koma kulowa sadalowe.

M'mawa mwake adapeza mulu wa dothi laliwisi pakhomo, woikidwa bwinobwino pambali. Masana adaima patali atadzigwira pakamwa, n'kumvetsera. Tsopano oimba adali awiri. Koma dzina lotchulidwa lidali lomwe lija, ndipo mpata wa wovomera udalipobe.

Mayi Nungu atamva, sadamukalipire. Adangokhala pansi, akupotokola nsonga ya chitenje chawo. Kenaka adati mawa masana apita akavomere okha, nkhani ithe, mwana wa munthu wina asanatayikenso chifukwa cha iwo. Likongwe, amene adanamizapo anthu ambiri osamva kanthu mumtima, ulendo uno adalephera kuwayang'ana kumaso. Adawapempha kuti amupatse masiku awiri okha.

Adakhala pansi n'kuganiza. Wogula aliyense wa makutu adzamva nyimbo, ndipo aliyense wa mawu tsiku lina adzavomera. Pankafunika munthu wopanda zonse ziwiri, amenenso nyumba yokula yokha ingamukomere. Atafika pamenepo adakumbuka Nsato.

Nsato adali woweruza milandu wopuma ntchito, wolemera, wokalamba, ndipo adagontha kalekale. Mawu ake adali manong'onong'o okhaokha, nyimbo sadaimbepo. Vuto lake lidali limodzi: sankaleka kutalika. Nyumba iliyonse imene adagula inkamufupikira pakapita zaka zingapo, ndipo dzinja lililonse mchira wake unkagona panja pamvula.

Kuti Nsato amve, wolankhula ankayenera kugunditsa pakamwa pake pansagwada za mwini wakeyo. Likongwe adapita kwa iye n'kuchita chomwecho, ubweya wonse uli njo. Ndipo kwa nthawi yoyamba pa ntchito yake adanena zoona zokhazokha. Adanena za malemu, za nyimbo, za Chule. Kenaka adati m'nyumbamo muli antchito awiri osadya, osalipidwa, amene amawonjezera chipinda mlungu uliwonse, ndipo nyimbo yawo singagwire munthu amene sakuimva. Nsato adatulutsa lilime kawiri, n'kunena kuti abwera mawa.

Pa tsiku lachitatu loonetsa nyumba, mlendo adali mmodzi yekha. Likongwe adachotsa mphasa ija, sadafukize kanthu, sadafulule thobwa. Nsato adalowa, adalowabe, adalowabe, mpaka nsonga ya mchira idadutsa pakhomo ndipo malo adatsalako. Adapuma mpweya wautali wa munthu amene wakhutira.

Dzuwa litayandikira paliwombo, Likongwe adadzimata ulimbo pakamwa. Kupala kudayamba, mawu awiri aja adaimba. Likongwe adamva nsagwada zake zikulimbana ndi ulimbo, misozi ikutuluka yokha. Nsato sadamve kanthu. Adangonong'ona kuti pansi pakunjenjemera m'mimba mwake, ndiye kuti akukumbadi. Koma Likongwe, ali chikhalire pafupi ndi khomo, adaona nsonga ya mchira wa Nsato ikugwedezeka pang'ono, motsatira nyimbo, mwini wake osadziwa.

Nyimbo itatha, Likongwe adakaitana mayi Nungu. Monga mtengo wa nyumbayo, Nsato adawapatsa munda wake wa chinangwa umene udali pafupi ndi mudzi wa kwawo kwa mayiwo, ndipo adagwirizana. Mayi Nungu adagwada, adathokoza, adasenza kamtolo kawo n'kunyamuka osacheuka.

Likongwe naye adati atsanzike. Adapeza khomo latsekedwa ndi thupi la Nsato.

"Mwambo wanu uwu woonetsa nyumba ndaukonda," adanong'ona Nsato. "Ndamva kuti tsiku lachiwiri lija mudadzaza muno, onse obwera okha ndi miyendo yawo. Ine ndakalamba, kusaka kwandikanika. Mukalengeze kuti nyumbayi sinagulidwe. Muzibwera nawo mlungu uliwonse."

Likongwe adagunditsa pakamwa pansagwada zija n'kunena kuti anthu achita mantha, sangabwerenso.

"Mudawabweretsa kawiri, mudzawabweretsa kachitatu. Mlungu umene mudzabwere nokha, mudzakwanira inuyo. Kumene mumagona ndikudziwako."

Likongwe adati wamva, ndipo mawa lomwe abwera nawo. Nsato adasuntha thupi pang'ono, iye n'kutuluka.

Sadapite pamsika, sadalengeze kanthu. M'mawa mwake adabwera yekha dzuwa litakwera, atanyamula mtsuko wopanda kanthu, n'kuuika pakhomo. Adauza Nsato kuti alendo afika, ambiri ndithu ndiponso onenepa, koma abisala kuseri kwa tchire chifukwa cha mantha. Adati wawalonjeza kuti mizimu idathamangitsidwa, ndipo chizindikiro choti alowe chidzakhala kulira kwa ng'oma masana enieni.

Nsato adafunsa kuti ng'omayo ili kuti.

"Ya Chule ija idafa, bwana. Koma mchira wanu ndi wolemera kuposa ng'oma iliyonse. Inu mugone mutu uli mumpitamu kuti asakuoneni polowa, chibwano chigunde pansi. Mukamva pansi payamba kunjenjemera, ndiye kuti nthawi yakwana. Muzimenya pansi ndi mchira, osaleka mpaka ndidzakugwireni."

Nsato adamuyang'ana nthawi yaitali ndi maso ake osaphethira. Adaweruzapo milandu yambiri ya anthu abodza. Koma njala idali itamugwira, ndipo sadaone choopsa pa kumenya pansi. Adatembenuka, adalowetsa mutu mumpita muja, n'kugoneka chibwano padothi.

Likongwe adadzimata ulimbo, n'kuima phazi limodzi lili panja. Iye mwini sankadziwa ngati mchira ungavomere nyimbo. Adangoyembekezera.

Kupala kudayamba. Mchira udakwera n'kugwa, di. Udakweranso, di. Poyamba unkamenya mwachisawawa, mofulumira, ngati wa munthu wanjala. Mawu awiri aja adayamba kuimba, ndipo pang'onopang'ono mchira udafatsa, udayamba kudikira, udayamba kugwa pamene phazi la wovina likadagwa. Nyimbo idatchula dzina, idanena za dothi, n'kuima.

Mumpata umenewo mchira udamenya katatu, mofanana ndendende ndi m'mene Chule adavomerera.

Kenaka udagona pansi. Thupi la Nsato lidayamba kuyenda, osapindika uku ndi uku monga ziyendera njoka, koma molunjika, ngati chingwe chimene wina akukoka modekha. Lidadutsa chipinda choyamba, lidalowa mumpita, ndipo nsonga ya mchira idazimirira mumdima popanda phokoso lililonse.

Likongwe adatsamira khoma. Masiku onse nyimboyo inkaimbidwa kamodzi kokha, motero adayamba kumatula ulimbo pakamwa. Adali atamatula mbali imodzi pamene kupala kudayambanso.

Ulendo uno pansi pa mawu awiri aja pankamveka kugunda, di, di, kochokera kutali pansi. Nyimbo idakwera mofatsa monga mwa masiku onse, idafika potchula dzina. Silidali la mayi Nungu. Mawuwo adaitana Likongwe, mwaulemu, n'kumuuza kuti dothi launjikana.

Adadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri n'kuthawa. Adathamanga mpaka adagwa, ndipo atadzuka adapeza lilime lake likutuluka magazi.

Patapita mlungu adakafika kwawo kwa mayi Nungu. Adawapeza m'munda wa chinangwa muja akupalira, nkhope itayamba kubwerera. Adamulandira bwino, adamuyalira mphasa, adamubweretsera dengu la mazira lija. Adafunsa za Nsato, Likongwe n'kunena kuti akukhala mwamtendere, ndipo sadandaulanso za mvula. Adacheza za mbewu ndi za abale. Pomuperekeza, atafika pamalire a munda, mayiwo adaima.

"Nanga bambo aja, akundiitanabe?"

"Ayi mayi, adaleka," adatero Likongwe. "Dzina lanu silimvekanso."

Mayi Nungu adagwetsa misozi, koma idali ya munthu amene watula katundu. Adati ndiye kuti amuna awo apumula tsopano, ndipo adamuthokoza kawiri. Likongwe adasenza dengu lake osawonjezera mawu. Atayenda pang'ono adayang'ana kumwamba, adaona kuti dzuwa layandikira paliwombo, ndipo adatola dzira limodzi n'kuliika m'kamwa lonse lathunthu, osaliswa.

Za udobadoba adalekera pomwepo. Mpaka lero likongwe akapeza una amangosuzumira n'kudumphira m'mbuyo, ndipo sagona malo amodzi masiku ambiri. Mukadzamuona masana ataima ndi miyendo iwiri, mutu utapendekeka, pakamwa pali potseka, musamufunse chimene akumvetsera, chifukwa sangakuyankheni nthawi imeneyo.

Nthano yathera pamenepo. Amene adaika mbatata pamoto akaphule, koma apite awiri.